Nkhono Zimene Zinaulula Amalume

Bokosi lija linali loyera, lachivundikiro chabuluu, ndipo m'kati mwake munali ayezi pamene mchenga unkawotcha mapazi. Linabwera ku Chiwanga ndi mayi wina wochokera ku Lichinga amene tinkangowatcha adotora, ngakhale sanabaye munthu jekeseni. Ankafuna nkhono zam'madzi basi.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtsikana wosamva, ndipo chidwi chinandigwira. Munthu wamkulu, wophunzira, kuchoka kutali konseko kudzatola zinthu zimene ngakhale galu sanunkhiza! Tsiku loyamba ndinawapititsira zigoba zokongola, zokwecha ndi mchenga. Anaseka. "Izi ndi nyumba, mwanawe. Ine ndikufuna eni ake."

Aphunzitsi ndiwo anatimasulira. Anati mumnofu wa nkhono muli kanthu kogwira ntchito ngati chimera mu thobwa, ndipo poizoni akalowa m'madzi kanthuko kamafooka. Nsomba imathawa, anatero, koma nkhono imakhala pomwepo n'kumamwa zonse. Ine ndinangomvapo za thobwa.

Pamathiriro a mtsinje panali thamanda la amalume. Nsomba zikasowa m'nyanja, ankathiramo mankhwala a tomato, kenako n'kutola zoyandama, mimba zili mbee. Amayi ankadziwa, ndipo anandilumbiritsa: "Ukangotchula botolo la mankhwala lija, amalume ako alandidwa bwato." Bwatolo ndilo linkadyetsa nyumba ziwiri. Sindinatchule.

Koma nkhono zikuluzikulu zinali komweko, ndipo ine ndinkafuna ayezi. Ndinatola zodzaza chitenje, matope akununkha ngati palafini. Adotora atafunsa kumene ndazitenga, ndinaloza, iwo n'kulemba pakathumba kamene anaikamo nkhonozo. Anandipatsa chibenthu cha ayezi, mano anandiwawa mpaka m'mutu. Ndisaname, tsiku limenelo ndinasangalala kwambiri.

Mvula itayamba, anafika anthu a boma oona za usodzi, n'kulunjika kuthamandako osafunsa njira. Bwato analikoka kupita nalo ku Metangula. Lero ndikakumbukira kuti anafe tinkadya nsomba zomwezo, sindiwaikira kumbuyo amalume. Komabe nkhope yawo atakhala pamchenga, nkhafi ili m'manja, imandipwetekabe mtima.

Amayi anandikokera kuseri kwa nyumba. "Wanena iwe?"

"Walahi, sindinatchule botolo."

Ndipo sindinaname. Masiku ambiri pambuyo pake ndinkatembenuza nkhono m'manja, kufunafuna pakamwa pamene inalankhulira ndi adotora. Sindinaganizeko n'komwe za munthu amene anazinyamula m'chitenje.