Kawailesi ka m'thumba la a Mailosi

A Mailosi Mbewe ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Zemba, pomwe njira za kumidzi zimakumana ndi msewu wopita ku boma la Chadiza. Anali munthu wamtali, wolankhula ngati akuitana wina kutsidya kwa dambo ngakhale mutakhala nawo benchi limodzi. Sichinali chipongwe ayi. Makutu awo anatsala kuchigwa cha Zambezi, zaka zija ndege za ku Rhodesia zinkaponya mabomba m'dziko muno, iwo ali msilikali. Bomba linaphulika pafupi ndi galimoto yawo, anzawo anafera pomwepo, iwo anadzatsitsimukira m'chipatala, manesi akungoyendetsa milomo popanda chomveka.

Atawatulutsa usilikali anabwerera kwawo, kwa mlongo wawo a Lefina. Mkazi amene anakwatira kukampu anapirira dzinja limodzi, kenako anati akaone makolo, ndipo mpaka lero akadawaonabe.

Pamango paja sipankasowa anthu, ndipo ambiri analibe ndi njinga yomwe. Ankabwera kudzalavula zakukhosi. Masiku amenewo munthu sunkangonena kuti sopo wasowa, shuga wasowa, mtengo wa thonje ndi wachibwana, usanacheuke kaye. Koma pamango wobwera ankaonekera kutali, ndipo mwini malo anali gonthi. Wotsogolera macheza anali a Yoweli, mkamwini wa mudzi woyandikana, kamunthu kakafupi kodziwa kutsanzira mayendedwe a akuluakulu a chipani mpaka anthu kugwira nthiti. A Mailosi ankamata chubu akuyang'ana milomo ya anzawo. Akaona kuti aseka, nawonso ankaseka, mochedwerapo pang'ono. Zinkawapweteka kwambiri. Sankafuna zambiri pamoyo, koma kumva chimene chimaseketsa anzawowo, ndi kudziwa mawu a Yoweli, amene anadzakwatira kuno iwo atagontha kale.

Tsiku lina kunabwera a Ezekiel, mkulu wa mpingo. Anatola sipoko n'kulemba padothi kuti abusa ali ndi abwenzi kunja amene angatumize kachipangizo kothandiza kumva, mpingo n'kumasonkha za mabatire. A Mailosi anawerenga, nafufuta ndi phazi.

"Mapanga awiri avumbwitsa, abambo! Ndikalandira cha mpingo, boma lidzati ameneyu wathandizika kale. Makutu awa sindinawataye kukwaya ine. Amene anandituma ndiye andibwezere!"

Mfundo anali nayo, sitingawanamizire. Koma khosi linalinso louma. A Ezekiel anabweranso kangapo, mpaka anatopa.

Ndiye chaka chilichonse anthu akakolola, a Mailosi ankapalasa njinga kupita ku boma kukakumbutsa za makutu awo. Ankabwerako ndi yankho limodzimodzi, lakuti dzina lawo lili ku Lusaka. Imvi zinayamba kutuluka dzinalo likadali ku Lusaka. Anthu atasiya n'kufunsa komwe, kunabwera uthenga woti akaonekere ku Chipata. Anabwerako ndi kabokosi kokulirapo pang'ono kuposa ka machesi, kokhala m'thumba la malaya, kawaya kake kokwera mpaka kukhutu.

Chinthu choyamba kumva pofika pamudzi chinali tcheni cha njinga yawo yomwe, chikulira ngati cha munthu wosadziwa mafuta. Anachita manyazi, mmisiri wathunthu. Kenako nkhuku, kenako musi. A Lefina anatuluka m'khitchini akupukuta manja.

"Achimwene, mwafika?"

Mawuwo anali okalamba, osati aja anawasiya popita kunkhondo. A Mailosi anakhala pakhonde n'kulira ngati mwana, mlongo wawo akuwaseka kwinaku nawonso akupukuta misozi.

M'mawa mwake anavala malaya ochapa nakafika pamango dzuwa lisanakwere. Anthu anabwera monga mwa masiku onse. A Yoweli anaima, maso ali pakawaya.

"Mwauka bwanji, a Mbewe?"

"Ndauka! Ndakumvanitu, a Yoweli! Kani mawu anu ndi aang'ono chonchi? Lankhulaninso!"

"Nanga chimenechi wakupatsani ndani?"

"Boma!" anatero a Mailosi akusisita thumba monyadira. "Ndinakuuzani kuti silingandiiwale."

Wina anatsokomola. Kenako a Yoweli anakhala kumapeto kwa benchi, nalankhula bwinobwino, osayang'ana nkhope ya mnzawo koma thumba la malaya.

"Boma likutisamala ndithu. Ndi mvula yomwe chaka chino yagwa bwino."

Enawo anavomera kuti mvula yagwadi bwino. Anakambirana za mvulayo mpaka inatha kukoma, ndipo aliyense anakumbukira kuti wasiya ntchito kumunda.

Masiku otsatira benchi linayamba kupepuka. Wobwera ndi njinga ankapereka moni, n'kuimirira chapatali ngati akudikira jekeseni, akalipira ulendo. A Mailosi ankamva zonse tsopano: mphepo m'masamba, mango akugwa, mabelu a njinga zodutsa osaima, ndi kaphokoso ka kabokosiko kosalekeza. Kale ankakhala pakati pa anthu osamva kanthu. Tsopano ankamva bwino lomwe kuti ali okha.

Anawamasulira ndi a Lefina, akusenda mtedza pabwalo.

"Wakutsina khutu ndi mnansi, achimwene. Anthu akuti ndinu shushushu. Akuti kawailesi kanuko kamatumiza mawu ku Lusaka."

"Ine kazitape? Ine?"

"Nanga msilikali, wapita ku Chipata, wabwerako ndi waya kukhutu, n'kumanena yekha kuti wandipatsa ndi boma. Mukanakhala inu mukanati chiyani? Dzana anyamata a chipani anawaimika a Yoweli pamsika n'kuwafunsa khadi la umembala. Akuti mwawapereka ndinu."

Anyamatawo ankaimika aliyense pamsika, ndi nkhalamba zomwe, koma mantha safunsa umboni. A Mailosi anakwiya kwadzaoneni. Anayenda khomo ndi khomo akutsegula kabokosi, kuonetsa anthu batire ndi timawaya. Anthu ankagwedeza mutu mwaulemu, n'kuyamikira boma mokweza. Ndiye zinangoipiraipira, poti tsopano kawailesi kanayamba kuyendera anthu m'makomo.

Lamulungu atatuluka m'tchalitchi, momwe anakhala benchi lonse okha, a Mailosi anawatsatira a Ezekiel kuseri kwa vesitili. Kwa nthawi yoyamba chibwerere kunkhondo analankhula motsitsa.

"Abambo, chija munkanena chija. Ichi ndikabweze, mundipezere cha mpingo. Anthu akadziwa kuti ndi cha abusa, mwina adzakhala pansi."

A Ezekiel anapukusa mutu mwachisoni.

"Abusa aja anasamutsidwa, abwenzi awo anapita nawo. Ndipo ngakhale chitabwera lero, a Mbewe, anthu sadzafunsa kuti wagula ndani. Adzangoona waya. Chikanayamba kufika cha ife, bwenzi ili nkhani ina."

Popita kunyumba a Mailosi anadzera kumanda kumene kuli mayi awo, kenako kudambo, nakhala nthawi yaitali akumvetsera achule ndi ana akuitanizana kuchitsime. Atafika anapempha a Lefina kuti aimbe nyimbo iliyonse. A Lefina anati asawaseweretse, koma anaimba ndithu. Itatha, a Mailosi anazula kawaya kukhutu, nakulunga kabokosi m'kansalu, n'kukaika m'sutikesi pansi pa yunifolomu yakale.

Lolemba anapita pamango atavala sikipa yopanda thumba. Odutsa akafunsa ndi manja, ankayankha mofuula kuti chinafa chija, zinthu za boma sizikhalitsa. Bodza limenelo linayenda msanga kuposa choonadi chonse chimene ananena m'makomo muja. Anthu anabwerera mmodzimmodzi, oyamba akusuzumira kaye m'khutu. Pofika nthawi yothyola thonje benchi linali litadzazanso, a Yoweli ali pakati akutsanzira wina wake, anthu akugwira nthiti, a Mailosi akuseka mochedwerapo.

Madzulo ena onse atabalalika, a Yoweli anatsalira. Anasendera pafupi, naika dzanja pabondo la mnzawo, n'kuyamba kulankhula. Analankhula nthawi yaitali, osaseka, mutu uli pansi kotero kuti ndi milomo yomwe sinkaoneka bwino. Pena ankadziguguda pachifuwa, pena ankapukuta m'maso. A Mailosi anapendeka mutu, nayandikitsa khutu mpaka kumva mpweya wofunda wa mnzawoyo patsaya. Sanatolepo ndi liwu limodzi lomwe.

A Yoweli atamaliza anadzutsa nkhope, akudikira yankho.

"Eya," anatero a Mailosi mofuula. "Ndamva, a Yoweli. Ndamva."