Bwato Limene Sindinakwanemo

Ine ndine Dunstan, wowotcherera zidebe ndi mabeseni apulasitiki pamsika wa Chinamwali. Amene amandidziwa amadziwanso kuti akabaza akandiona ndikubwera amayamba kukonza tcheni chimene sichinaduke. Ndine wonenepa, palibe chobisa. Ndayamba ndi thupi langali chifukwa nkhani ya achemwali anga, a Fyness, singamveke bwino popanda ilo.

A Fyness ndiwo oyamba kubadwa kwathu, ndipo anatengera thupi la mayi, lochepa ndi louma, koma makani anatengera abambo. Ali mtsikana ankatsika phiri la Zomba atasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa iwo eni, ine ndikubwera m'mbuyo ndi kanthambi kamodzi, uku ndikudandaula. Anakwatiwa ndi a Douglas, msodzi wa ku Kachulu, padoko la nyanja ya Chilwa. Kumeneko anaphunzira kuwamba milamba ndi kuyanika matemba, ndipo awiriwo anasonkherana mpaka anapangitsa bwato lawo lamatabwa. A Douglas anali munthu wabwino. Akalowa m'kati mwa bango, kumene anthu apadoko sangaone n'kuyamba kuseka, ankawapatsa akazi awo nkhafi kuti azipalasa.

A Douglas anadwala masiku ochepa n'kutisiya. Maliro atatha, akulu awo, a Macdonald, anaimirira pakati pa abale n'kulankhula mawu okoma kwambiri. Anati bwato alisunga iwo, apeza anthu olipalasa, ndipo phindu lizipita kwa ana amasiye. Nanga munthu wamkazi angalitani bwato? Ankhoswe anagwedeza mitu kuvomereza. Poyamba kunabwera kabeseni ka matemba, kenako kunabwera moni, pambuyo pake ziii. Achemwali atapita kukafunsa, anauzidwa kuti bwato likudya zambiri pokonzetsa. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa theka la matabwa a bwato limenelo linachokera mu utsi umene unawafiiritsa maso achemwali anga.

Anasamukira ku Matawale ndi ana awo awiri, n'kuyamba kugulitsa matemba pamsika. Pokaoda ankapita ku Kachulu komweko. Asodzi ambiri a pa Chilwa amagona m'zimbowera, timisasa tomangidwa pabango m'kati mwa nyanja, ndipo nsomba kumeneko n'zotsika mtengo. Koma wopanda bwato amadikira pamtunda, n'kugula kwa oguliza amene aikapo kale zawo. Nthawi zina achemwali ankagula matemba otsitsidwa m'bwato lawo lomwe lija. Sankalira kapena kutukwana. Ankangondiuza kuti, “Ndidzakhala ndi bwato, achimwene, ndipo limenelo palibe adzandisungire.” Ine ndinkangoti eee, poti mawu sagula.

Chaka chatha, mayi wina wogulitsa masitiroberi anawatsina khutu kuti paloji ina pamwamba pa phiri akugulitsa mabwato akale apulasitiki. Achemwali anandipeza ndikutenthetsa chitsulo pambaula.

“Achimwene, mawa musatsegule. Mukandionere pulasitiki kuphiri.”

Ndinasangalala, ndisakubisireni. Zaka zonsezi achemwali anali asanandifunsepo nzeru pa chilichonse. Ndinavala malaya akutchalitchi, ndipo tinakwera lole yopita kukatenga matabwa, tikupingasana ndi anthu otsika ndi njinga zodzaza nkhuni.

Lojiyo inali pakati pa mitengo ya paini, pafupi ndi kadamu kakang'ono. Anatilandira ndi manijala wake, a Rejoice, mayi wanthabwala koma wodziwa kuuma pamtengo. Anatiuza kuti mabwatowo dzina lake ndi makayaki, ndipo mwini loji wakale anabwera nawo kuchokera kunyanja yamchere ku Mozambique. Eni ake atsopano ankafuna shedi ikhale yosungiramo mipando. Analipo atatu. Lobiriwira linali lotakata, lamipando iwiri, looneka latsopano. Lachikasu linali lalifupi, lotseguka pamwamba ngati beseni losambitsira mwana. Lofiira linali lalitali ndi lowonda, lotsekeka pamwamba ponse, kupatula bowo limodzi lolowerapo munthu ndi timosungira katundu tiwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, tokhala ndi zivundikiro zalabala.

Ndinagwira ntchito yanga ndi mtima wonse. Pulasitiki ikadyedwa ndi dzuwa imayera, ndipo ukaikanda ndi chikhadabo imatuluka ufa. Ndinakanda, ndinadina ndi chala chachikulu, ndinagogoda ndikumvetsera. Ndinawatembenuza onse kuona ngati pansi sanaphwanyike, kenako ndinapempha ndowa n'kuthira madzi m'kati, monga ndimachitira ndi zidebe za makasitomala, kuti pothonya paonekere pansi pouma. Lobiriwira silinadonthe. Lachikasu linali lofewa pamimba koma lopirira. Lofiira linali ndi pulasitiki yokhuthala kuposa onse, yofwifwa pamwamba pokha, koma kumchira linali ndi kamng'alu kotulutsa madzi.

“Lobiriwirali, achemwali,” ndinatero. “Musatayenso nthawi.”

“Talowanimo kaye tione.”

Ndinaganiza kuti akufuna kuyesa kulimba kwake, poti kulemera kwanga ndi matumba awiri a chimanga. Ndinakhala m'lobiriwira pakapinga pomwepo, n'kutambasula miyendo bwinobwino, malo n'kutsala. Anandilozera lachikasu. Ndinakwanamonso, ngakhale linalira pang'ono. Kenako analoza lofiira. Miyendo inalowa, mawondo analowa movutikira, koma pofika m'chiuno zinthu zinaima. Ndinapuma mpweya wonse, ndinapotoloka uku ndi uku, osatheka. Kutuluka nakonso kunakanika, mpaka a Rejoice anagwira bwato kumchira, achemwali n'kundikoka m'khwapa. Batani la malaya anga akutchalitchi linatsala momwemo.

A Rejoice anaseka mpaka kukhala pansi. Achemwali sanaseke. Analizungulira bwato lofiiralo, akuyeza bowo lija ndi dzanja, nkhope yawo ili ngati ya munthu wosankha mbuzi.

“Mayi, ndiloleni ndiliyese pamadzi.”

Anavula chitenje, ndipo ndinadabwa kuona kuti m'kati anavala buluku la malemu a Douglas, atalimanga ndi chingwe. A Rejoice anawaveka jekete yoyandamitsa n'kuwapatsa nkhafi yamapeto awiri. Achemwali analowa pabowo paja mosavuta konse. Atangopalasa pang'ono, bwato linapendekeka, ndipo phava! anali m'madzi. Madzi apaphiri paja amazizira mpaka m'mano. Ine ndinakuwa, a Rejoice anathamangira m'mphepete, koma achemwali anatulukira okha akutsokomola, atagwira nkhafi ndi dzanja limodzi, bwato ndi linalo. Analikokera kumtunda, anakhuthula madzi, n'kulowamonso.

“Basi, achemwali, mufera chiyani?”

“A Douglas ankati bwato limagwetsa woumitsa chiuno. Ndinaumitsa chiuno. Kankhani.”

Ndinakankha. Ulendo uno analunjika bwinobwino mpaka tsidya, akugwedezeka koma osagwa. Pobwerera anali atayamba kupondereza timapedulo ta chiwongolero monga anawauzira a Rejoice, bwato likung'amba madzi mwakachetechete. Anatsika milomo ili gwagwagwa ndi kuzizira.

“Ndatenga ili,” anatero.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Ndinawakokera pambali n'kuwauza kuti lobiriwira likhoza kunyamula matumba, likhoza kukwera anthu awiri, akhoza kulemba ganyu mwamuna wowapalasira iwo atakhala phee. Ndinawakumbutsa kuti lofiira ndi long'aluka, ndipo langowagwetsa kumene ine ndikuona. Ndinafunsa kuti anandijombetseranji kuntchito ngati mawu anga sakuwafuna.

“Long'aluka muwotcherera ndinu,” anayankha. “Zinazo mudzaziona.”

Pamtengo panali nkhondo. A Rejoice anati lofiiralo ndilo lenileni lapanyanja yamchere, latsopano lake mtengo wake ndi wa njinga yamoto, ndiye pansi pa K400,000 sangatsike.

“Nyanja yamchereyo ku Zomba kuno ili pati, mayi?” anafunsa achemwali. “Amene adzakwere phiri lino kudzagula bwato lokwera munthu m'modzi, wowonda, ndani? Mwaona nokha achimwene angawa.”

“Aaa, koma pulasitiki yake mwaimva, achimwene anuwo anena okha kuti ndi yolimba.”

Anandigwira pakamwa. Ndinachita kuonetsa kamng'alu kaja, komanso chivundikiro chimodzi chimene labala wake anali atayamba kuthetheka. A Rejoice anatsika pang'ono n'kunena kuti nkhafi ndi jekete n'zapadera. Achemwali anati bwato lopanda nkhafi ndi modyera nkhumba, n'kuyamba kumanga chitenje ngati akupita. Anakanganabe, akuseka, akukwiya, akusekanso. Pomaliza a Rejoice anafunsa kuti kodi bwatolo akulifunira chiyani makamaka. Achemwali anawauza mwachidule za zimbowera ndi za matemba, osatchula a Macdonald. Anagwirizana K280,000, nkhafi ndi jekete zili momwemo. Zinali pafupifupi zonse zimene achemwali anasunga kubanki m'khonde chichokereni ku Kachulu. Tinatsika nalo pamwamba pa matabwa a lole ija, ine nditakwiya njira yonse.

Kuwotcherera ndinawotcherera, poti mlongo wako sungamutumize pamadzi ndi bwato lothonya. Ndinasungunula chidutswa cha mgolo wabuluu n'kumata m'kati ndi kunja, ndipo chivundikiro ndinachilimbitsa ndi mphira wa chubu cha njinga. Chinamwali yonse inabwera kudzaona. Ena ankati ndi bokosi la maliro a munthu wamtali, ena ankati a Fyness mutu wayamba kuwazungulira. Ine ndinkawathamangitsa, ngakhale mumtima ndinkagwirizana nawo.

Tsiku lopita nalo ku Kachulu ndinawaperekeza, bwato titalimangirira pamwamba pa kagalimoto ka matola. Padoko anthu anasiya zochita. Asodzi analizungulira, akuligogoda, akufunsana kuti ukonde ungauponye bwanji uli m'kabowo kotere. Anagwirizana kuti pa usodzi n'lopanda ntchito, ngakhale waulere sangalitenge. Achemwali ankangomvetsera, ndipo ndinaona kuti mawu amenewo akuwakomera.

Posapita nthawi anatulukira a Macdonald, akupukuta thukuta ndi chipewa. Anapereka moni wautali, kufunsa za ana m'modzim'modzi, maso ali pabwato.

“Alamu, mwachita bwino kwabasi,” anatero. “Koma nyanja iyi si yamasewera. Lisiyeni kwathu, ine ndizikakutengerani nsomba kuzimbowera, inu muzingodikira pamtunda pano. Ndife abale, eti.”

Ndinayamba kupinda malaya, koma achemwali anandiponda phazi.

“Zikomo, alamu. Talowanimo tione.”

A Macdonald anavula nsapato, anthu akuwapatsa malo. Miyendo inalowa. Mawondo analowa movutikira. Pofika m'chiuno zinthu zinaima, pamalo omwewo pamene zinaimira ine. Anapuma mpweya wonse, anapotoloka uku ndi uku, doko lonse likugwa ndi phwete. Ndinayang'ana mimba yawo, ndinayang'ana yanga, ndipo ndi pamenepo pamene ndinadziwa chimene achemwali ananditengera kuphiri. Ine ndi a Macdonald tikhoza kubwerekana lamba.

Amene anawakoka m'khwapa ndine, ndipo sindinakoke mwaulemu. Atatuluka anayesa kuseka nawo.

“Palibe vuto, alamu. Tipeza munthu wochepa thupi azikupalasirani.”

“Wochepa thupi wapezeka kale,” anatero achemwali. “Mpando ndi umodzi, alamu. Lamatabwa lija linali ndi malo ambiri, n'chifukwa chake ine ndinasowamo pokhala.”

Panalibe anasekanso. A Macdonald anawerama kufunafuna nsapato imene inali pafupi ndi phazi lawo. Achemwali anavula chitenje n'kundipatsa, n'kutsala ndi buluku la a Douglas, pamaso pa anthu onse amene kale ankawabisalira m'bango. Anaika timatumba topanda kanthu m'timosungira tija, anamanga jekete, analowa.

Ndikuwerama kuti ndikankhe, ndinawanong'oneza kuti, “Ndiye munandipusitsa, achemwali. Ine ndimati mukufuna nzeru zanga.”

“Nzeru zanu ndi izi zili kumchirazi, achimwene. Zikapanda kugwira ndimira. Koma chiuno chanu ndinkachifunanso, pepani.”

Ndinkafuna kukwiya, koma zinakanika. Ndinakankha. Bwato lofiira lija, lachigamba chabuluu, linadutsa pafupi ndi bwato lamatabwa la a Douglas, limene linali pomwepo padoko ndi anthu a a Macdonald. Achemwali sanaliyang'ane n'komwe. Anakhotera kanjira kolowa m'bango, nkhafi ikukwera uku ndi uku, mpaka mpango wawo unabisika. Ine, bambo wamkulu wonenepa, ndinalira nditaima m'matope, chitenje chili m'manja.

Anabwerako dzuwa litapendeka, timosungira tonse tili todzaza matemba ouma, thumba lina atalimangirira kumbuyo kwawo. Sanafune kuti wina awathandize kutsika. Anandiuza kuti ndione chigamba changa, ndipo nditapisa dzanja kumchira ndinapeza muli mouma.