A Mfuko Agona Pakhonde

Anzawo a kuntchito ankawatchula a Mfuko, chifukwa chiyambire unyamata wawo ntchito yawo inali yokumba zitsime ndi ngalande za mapaipi. Anali munthu wamfupi wamapewa otakata, wokonda kuimba ali pansi.

Chaka china, mvula itangokata, khoma la ngalande linagumuka n'kuwakwirira mpaka m'khosi. Anzawo anawafukula ndi manja. Kuchipatala anati palibe fupa lothyoka, ndipo aliyense anati bambowa ndi amwayi. Iwo anavomera, n'kuseka nawo.

Koma kuyambira pamenepo, chitseko chikatsekedwa mpweya unkawathera. Kuchipinda anasiya kulowako. Ankagona pampando pakhonde n'kumati m'nyumba mukutentha, ngakhale nyengo yachisanu. Kuntchito anapempha yoyendetsa wilibala. "Mfuko wayamba kuothera dzuwa," ankatero anzawo. Akazi awo sizinawaseketse. Anaganiza zimene mkazi aliyense akanaganiza, mpaka anakauza achemwali awo kuti bambo apeza kwina.

Zinadzaululika pamsonkhano wa makolo kusukulu ya mwana wawo wamkazi. Mphepo itavuta, mphunzitsi anatseka chitseko ndi mawindo. A Mfuko anapirira pang'ono, kenako anadzambatuka, kugwetsa benchi, kuponda phazi la mayi wina. Atafika panja anaona kuti thalauza lanyowa. Mwana wawo anali chapomwepo ndi anzake.

Kwa masiku ambiri sanathe kuyang'ana mwanayo kumaso. Neba wawo, yemwe anali namwino, ndi amene anawanyengerera kuti akaonane ndi mlangizi wa kuchipatala, mayi wothandiza anthu amene zoopsa zinawasiyira mantha. Anapita chozemba, atavala chipewa chofika m'maso.

Ankayembekeza mafunso ngati a kupolisi. Koma mayiyo anangoti, "Bambo, mukhala pati? Nanga chitseko tichisiye bwanji?"

"Chikhale chotsegula," anayankha, maso ali pansi.

"Chabwino. Za ngozi ija munena tsiku limene mudzafune. Mukafuna kutuluka, musachite kupempha."

Anacheza za mitundu ya dothi. Maulendo otsatira mayiyo anawaphunzitsa kupuma mofatsa, kuponda pansi ndi mapazi onse, ndi kutchula zimene akuona m'chipindamo mtima ukayamba kuthamanga. Tsiku lina a Mfuko analira ngati mwana, ndipo manyazi ake anajomba nawo ulendo wotsatira. Atabwereranso anali atakonzeratu bodza, koma sanafunsidwe.

"Ndinaganiza kuti mwandikwiyira," anatero.

"Ayi, bambo. Ndakondwa kuti mwabwera. Thupi lanu linaphunzira kuthawa kuti mupulumuke. Silinamve kuti ngozi inatha."

Patapita nthawi mayiyo anafunsa ngati akazi awo angabwere nawo, n'kunenetsa kuti kukana n'kololedwa. A Mfuko anakana kaye, kenako anavomera. Tsikulo akaziwo anakhala atapinda manja, nkhope ili gwa.

"Ine ndikufuna dzina la mkaziyo basi," anatero.

A Mfuko anayang'ana mlangizi, koma iye sanawayankhulire. Anangodikira.

"Amake mwana, kulibe mkazi. Ukatseka chitseko chija, ine ndimamva dothi m'kamwa."

Akaziwo anaphimba nkhope ndi mpango. "Nanga ine ndakuipitsirani mbiri kwa abale anga onse. Munalekeranji kundiuza?"

"Mwamuna wamkulu ngati ine, kuopa chitseko? Ndikanayambira pati?"

Sabata yomweyo akaziwo anazula okha chitseko cha kuchipinda n'kupachikapo katani. Kwa achemwali awo anapitanso okha kukabweza mawu, ndipo anabwerako maso ali ofiira. A Mfuko anayamba kulowa m'chipinda pang'onopang'ono, ngakhale masiku ena mantha amawatulutsabe. Zikatero akazi awo safunsanso zambiri, amangowatsatira n'kukhala nawo.

M'dzenje sanalowenso. Pano amakhoma malata ndi mlamu wawo, ndipo akuti ntchitoyo ikuwayanja. Kwa mlangizi amapitabe. Zimene zinachitika kusukulu sanakambiranebe ndi mwana wawo. Ayesapo kangapo akumuperekeza pamsewu, koma amangothera kumufunsa za masamu.