Mbira Yonenepa

Mliriwu watitsekera m'nyumba kuno ku Perth, ndiye ndatenga mbira ziwiri zazikulu kale kuti ndisamakhale ndekhandekha. Mayi amene anandipatsa anandichenjeza kuti, "Zinakulira limodzi, musadzazilekanitse."

Lero ndikuziyalira udzu wouma, fungo lake landikumbutsa khitchini yathu yakumudzi.

Ndili sitandade 3, aphunzitsi anga anabwera kudzacheza kwathu. Amayi anandinong'oneza kuti, "Kagwire mbira imodzi, alendo asadyere masamba."

Pofuna kuyamikiridwa, ndinagwira yonenepa, imene sinkalekana ndi inzake yamawanga.

"Mwanayu amadziwa kusankha," anatero aphunzitsiwo akusamba m'manja.

Nditapititsa makoko a mbatata kukhitchini, yamawanga ija sinawakhudze. Inkangonunkhiza zala zanga, kenaka n'kuyang'ana kukhomo. Ndinakhala nayo pansi.