Nyenyezi Yonunkha Palafini

Chaka chimene kunaoneka nyenyezi ya mchira, ndinali kalaliki wa mzungu wina ku Limbe. Abwanawo anagona ndi malungo, ndiye anandituma kuphiri la Mpingwe ndi kamera yawo ya miyendo itatu.

"Uilozetse kunyenyeziyo, uvundukule diso lake, udikire," anatero. "Koma usayatse nyali."

"Ndamva, bwana."

Nditangovundukula, fisi analira kumunsi kwa phiri. Ndinayatsa nyali n'kuthamanga nayo kudutsa kutsogolo kwa kamera, kukabisala kuseri kwa thanthwe. Chipewa changa ndinakachitola m'mawa.

Atatsuka chithunzicho, panatuluka chinthu choyera cha mchira wautali. Abwana anandigwira chanza. Anachipachika pakhoma, azungu anzawo a ku Blantyre n'kumabwera kudzachiona. Mmodzi anandifunsa ngati sindinachite mantha ndekhandekha kuphiriko.

"Ayi, bwana," ndinatero, maso ali pa chithunzi cha nyali yanga pakhomapo.

Nyenyeziyo inapita, ndipo abwana sindinawaululirebe. Koma mwezi ukakhala kumdima ndimabwereka kamera ija n'kukwera Mpingwe, machesi nditasiya kunyumba. Afisi akadalipo. Sindisiya mpaka nditawabweretsera nyenyezi ngakhale imodzi yosanunkha palafini.