Sopo wa a NyaMsiska wakwera pa shelefu

Sopo wa mayi akunyumba wakwera pa shelefu. Ndinenenso, kuti inu owerenga mothamanga mumve. Sopo wopangidwa kuseri kwa nyumba yanga ali m'sitolo pa Mhuju, phewa ndi phewa ndi wa kufakitale. Sabata ino ndapitako katatu kukangomuona.

Papita zaka zambiri akazi anga, a NyaMsiska, akupanga sopo wa mafuta a mawese, aja a kanjedza ochokera ku Karonga, soda ndi masamba a ndimu. Bokosi loumbira ndinakhoma ndine. Ndine mmisiri wa matabwa, ndipo m'bokosi limenelo simunatulukepo mtanda wa sopo wokhota. Koma zaka zonsezi sopoyo amagulitsidwa m'beseni pamsika, fumbi la minibasi likumuthira.

Sabata yatha NyaKumwenda, mwini sitolo ya pafupi ndi siteji, anatiitana.

"Adada, sopo wa amama ndi wabwino chomene," anatero. "Koma wamaliseche sindingamuike pa shelefu. Mumuveke, mubwere naye Loweruka. Akayenda, malowo ndi anu. Akapanda kuyenda, ndiikapo machesi."

Ndinavala jekete n'kukwera minibasi ya ku boma. Zogula pepala la pulasitiki sindinafune kutuma munthu.

M'sitolo anandiyalira mitundu itatu. Loyamba linali lopyapyala ngati khungu la anyezi, lija boma linaletsa. Ndinalikankhira pambali. Lachiwiri linali lokhuthala, loonekera mkati, lopanda kanthu. Lachitatu linali lonyezimira, lamaluwa ofiira, losaonetsa chimene chili mkati. Ndinati ili ndi limene lidzachititse manyazi sopo wa kufakitale. Ndinagula lamaluwa, n'kuwonjezera pang'ono la loonekera lija, poti mayi anandipanikiza ndisananyamuke.

Nditafika, a NyaMsiska analigwira, n'kulitembenuza.

"A Phiri, mukukamanga mphatso ya ukwati?"

"Ndikukweza sopo wanu."

"Sopo amapuma. Ndipo wogula amafuna kumugwira."

"Wa kufakitale amamugwira ndani?"

"Wa kufakitale ali ndi wailesi yomuyankhulira. Wanga amadziyankhulira yekha."

Sindikangana ndi mkazi pamaso pa nkhuku. Tinagawana mitanda pakati. Yanga ndinaikulunga mbali zonse n'kumata ndi moto wa kandulo, ngodya zowongoka ngati za kabati. Iwo anadula pepala loonekera lija m'timizere, n'kuzunguliza pakati pa mtanda ngati lamba, uku ndi uku n'kusiya poyera. Ndinaseka. Ndinati sopo wawo wavala lamba wopanda buluku.

Loweruka, nditapereka sopo, ndinakhala pa benchi ya pakhonde la sitolo, chipewa chili pabondo, ngati ndikudikira minibasi.

Woyamba kulowa anali mayi wina wobereka mwana. Anatenga wanga wamaluwa, n'kumutembenuza kawiri, n'kumubwezera. Anatenga wa lamba. Anamufikitsa pamphuno. Kenako anadinda chala chachikulu pamapeto pake, mwamphamvu, n'kuyang'ana ngati palowa. Sipanalowe. Anagula mitanda iwiri.

Kodi inu mumadziwa chifukwa chake amadinda chala? Ine ndakhala ndi wopanga sopo zaka zonsezi, koma sindinkadziwa. Sopo wofewa ndi wosakhwima. Amatha msanga m'madzi, nthawi zina amawotcha m'manja. Mayi wa kuno sawerenga zolembedwa pa pepala. Amafunsa chala chake.

Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu, nesi wa kuchipatala cha mishoni, anatenga wanga n'kufunsa kuti, "Awa ndi mabisiketi?"

Pofika masana, wa lamba anali atatsala atatu. Wanga anali chikhalire, wonyezimira ngati kwaya yopanda omvera. Kenako gogo wina anaboola pepala langa ndi chikhadabo kuti anunkhize. NyaKumwenda anandiitana, n'kumaliza kung'amba pamaso panga. Mkati munali chinyezi. Sopo anali atachita thukuta ndi kutentha kwa malata, pamwamba pake pali poterera.

"Adada, awa mubwerere nawo," anatero. "Koma a lambawa mubweretse ena Lachitatu. Machesi ndawapezera pena."

Ndinayenda ulendo wonse wobwerera osamva kulemera kwa katoni.

Tsono ndi ichi chimene ndafuna kunena. Ife a masiku ano tadwala matenda a chikuto. Uchi wabwino wa ku Nyika timauthira m'botolo lamtundu kuti uoneke ngati wochokera kunja, pamene wogula amafuna kuuona mtundu wake. Mnyamata wofunsira mbeta amabwereka suti, ndipo ankhoswe amayang'ana nsapato m'malo mofunsa ngati ali ndi munda. Nyumba ya sukulu imapakidwa laimu kutsogolo kokha mlendo akamabwera. Akale anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwambiwu timaudziwa tonse, koma timaukumbukira titagula kale.

Choipa kwambiri n'chakuti timabisa ndi zabwino zomwe. Sopo wa a NyaMsiska analibe nyerere. Ine ndi amene ndinamuchitira manyazi. Ndinaganiza kuti chinthu chopangidwa ndi manja a mkazi wa kumudzi chiyenera kubisa nkhope kuti chilowe m'sitolo. Ndani anatiphunzitsa zimenezi?

Sindikunena kuti musamakulunge. Fumbi lilipo, ntchentche zilipo, manja a pamsika ndi ambiri. Kulungani. Gulani pepala lokhuthala, loonekera. Dikirani sopo akhwime masabata ake onse. Siyani malo a mphuno ndi chala. Katundu wabwino saopa kugwiridwa.

Nditafika kunyumba ndinaika katoni pansi n'kunena uthenga wa Lachitatu. A NyaMsiska sanati ndinakuuzani. Anangondipatsa lumo ndi pepala loonekera lija.

"Dulani inu, a Phiri. Malamba anga amakhota."

Ndi zoona, amakhota. Ndinatenga sikweya yanga ya ukalipentala. Timizere timene mukaone pa Mhuju ndadula ndine, ndipo palibe kamene kapambana kanzake ngakhale ndi tsitsi limodzi. Zimenezo zilembedwe.

Pepala lamaluwa silinatayike. A NyaMsiska akutira nalo buku lawo la nyimbo, ndipo Lamlungu ku tchalitchi azimayi anzawo analisirira.

Mukadutsa pa Mhuju, lowani. Shelefu yachiwiri, kumanja kwa mchere. Nunkhizani, dindani chala, palibe amene akukalipireni. Ndipo mukatuluka mudzifunse: kodi chimene mwakulunga mbali zonse kwanuko, mukuchiteteza ku fumbi, kapena ku chala cha wogula?