Masiki ya Anti Evelina

Ku South Bend, kuno ku America, palibe Mmalawi amene sawadziwa Anti Evelina, ndipo ambiri ankawadziwira masiki. Kolona inatha kalekale, anthu anataya masiki awo, koma iwo ayi. Kutchalitchi masiki, kushopu masiki. Pa chithunzi cha ukwati wina anthu onse mano ali mbee, iwo maso okha.

Kwawo ndi ku Ntcheu. Anabwera mu 2014 kutsatira amuna awo, a Shadrick, ndipo chibwerereni amagwira ntchito yosamalira okalamba. Kale anali mayi wa phwete. Akaseka kukhitchini ya tchalitchi, abusa ankayamba aima kaye kuti phokoso lidutse.

Zinthu zinasintha mu Januwale 2020. Akuweruka m'mawa anaterereka pa madzi oundana, pakamwa n'kukamenya chitseko cha galimoto. Mano awiri akutsogolo anathera pomwepo. Anabindikira m'nyumba, n'kumauza anthu kuti ndi chimfine. Posakhalitsa kolona inafika, n'kulamulidwa kuti aliyense azivala masiki. Anthu ankadandaula, koma Anti Evelina mumtima anangoti Mulungu sataya anthu ake.

Dokotala anawauza za mano ovala ndi kuvula. Anakaniratu. Kuntchito amatsuka mano a okalamba m'makapu tsiku ndi tsiku, ndipo tsiku lina anaona agogo ena atavala mano a anzawo mpaka nthawi ya nkhomaliro.

"Anga mano sadzagona m'kapu," anatero.

Chimene ankaopa kwambiri n'chakuti anthu angadziwe. Munthu amene ankaseka anzake onse, lero azisekedwa? Choncho pa tsiku lodyera pamodzi kutchalitchi ankatenga mbale n'kukadyera m'galimoto, ati akudikira foni yakuntchito. Kuseka anachepetsa, kuopa kuti masiki ingatsetsereke.

Patatha zaka zinayi, a Shadrick anabwera ndi nkhani ya mano obzala.

"Amaboola fupa la nsagwada n'kumangamo kachitsulo konga sikuluwu. Fupa likagwirana nako, amaika dzino pamwamba. Silichokanso."

"Sikuluwu? Bambo, kodi ine ndine mpando?"

"Mayi, mpando umaoneka wonse. Ine zaka zinayi ndikuyenda ndi theka la mkazi."

Anavomera, koma anati ku South Bend ayi. Chipatala chilichonse kuno muli Mmalawi wogwira ntchito, ukangolowa m'mawa, madzulo nkhani yafika ku Ntcheu. Anabukitsa ku Indianapolis, ulendo wa maola awiri ndi theka, anthu n'kuwauza kuti akukaona msuweni wawo ku Lawrence, dera la komweko.

Iwo ankaganiza kuti abwerako tsiku lomwelo ali ndi mano. Kumeneko! Dokotala anati fupa lafota chifukwa chokhala nthawi yaitali popanda mano, ayambe alionjezera. Anadikira miyezi. Anaika tizitsulo tija, n'kudikiranso miyezi ina. Msuweni uja anaonedwa mpaka anthu anayamba kumupempherera, poganiza kuti akudwala kwambiri. Njira yonse ndi minda ya chimanga yokhayokha, ndipo Anti Evelina ankangoyang'ana pawindo n'kumeza malovu. Zaka zonsezi chimanga chootcha sanachilawe.

Mano anaikidwa mu Ogasiti chaka chatha, sabata imene mpingo unali ndi pikiniki kupaki. Atafika, anakhala m'galimoto kanthawi ndithu akudziyang'ana pagalasi. Anagwirizana ndi a Shadrick kuti angoti atopa nayo masiki, basi. Anaivula, n'kutuluka.

Woyamba kuwachingamira anali a Mervin, dikoni amene anabwera kuchokera ku Zomba mu 2022.

"Takulandirani, mayi. Mwachokera mpingo uti?"

"A Mervin, ndine Evelina."

"Ah! Anti! Pepani, pakamwa panu sindinapaonepo."

Asanamalize, Joan, amene amatsogolera amayi ophika, anaponya chipande pathebulo n'kubwera akuthamanga.

"Amayi, bwerani! Awaika! Anti, tasekani tione!"

Dzanja la Anti Evelina linapita lokha pakamwa.

"Andiika chiyani?"

"Mano, Anti."

Anatembenukira amuna awo. A Shadrick anakweza manja onse awiri m'mwamba. "Ine ndikulumbira, sindinauze munthu."

"Asiyeni ankolo," anatero Joan. "Munthu amene ankaphwanya mafupa a nkhuku kuyamba kufunsa ngati kuli maungu? Tinadziwa chaka choyamba chomwe. Mumaganiza kuti nyama timaiphika mpaka kusungunuka chifukwa cha ndani? Amuna athu atopa ndi mbatata zophwanyaphwanya!"

"Nonsenu mumadziwa?"

"Kupatula a Mervin."

"Nanga msuweni wanga munkamupempherera uja?"

"Timapempherera nsagwada zanu, Anti. Dzina tinangobwereka."

Anti Evelina anayang'ana amayiwo mmodzimmodzi. Zaka zisanu akudyera m'galimoto, kubisira anthu amene ankawafewetsera ndiwo! Dzanja linatsika pang'onopang'ono. Joan anawapatsa chimanga chootcha chotentha.

"Adokotala anati ndiyambe ndi zofewa."

"Zofewa mwadya zokwanira."

Apo ndiye Anti Evelina anaseka, phwete lija la kale, mano onse panja. Chapatali abusa anali atangoyamba kulengeza za ulendo wa kwaya. Anaima, n'kudikira kuti phokoso lidutse.